Mawaya a sipika aja ndalumikiza, zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha. Kwa amene simunaone funso langa, ndinafunsa ngati kungopota mawaya awiri pamodzi n'kokwanira, poti waya wa sipika imodzi unkaperewera kukafika pakona ya pabalaza.

Ambiri munati kupota kumagwira ndithu, koma pakapita nthawi kopa amada ndipo mfundoyo imakhwefuka, mawu n'kumaduladula. Ndinatsatira malangizo a achimwene amene anati ndipote kaye, kenako ndiwotcherere ndi solder, kachitsulo kofewa kamene amasungunula polumikiza mawaya. Soldering iron, chida chosungunulira solder, ndinabwereka kwa mnzanga wokonza mawailesi. Ampu (amplifier, makina okweza mawu opita ku masipika) ndinazimitsa n'kuzula pasoketi ndisanayambe. Achimwenewo ananenanso kuti mfundo ziwiri, ya waya wa plus ndi ya waya wa minus, zisayandikane, ina ikhale patsogolo pang'ono, iliyonse ndi tepi wake. Malangizo amenewa ndawakonda kwambiri, chifukwa tepi amamatuka kukatentha, ndipo kawaya kamodzi kakang'ono kakakhudza kanzake, ampu ikhoza kupsa.

Panopa mbali zonse zikumveka mofanana, bass ili mbwee, ampu siikutentha.

Kwa amene adzakumane ndi vuto lomweli: onetsetsani kuti plus wapita ku plus. Mukatembenuza pa sipika imodzi siipsa ayi, koma bass imachepa. Ngati waya ulibe mzere kapena mtundu wosiyanitsira, gunditsani mawaya awiri a sipikayo ku batire la 1.5V mwachidule, pepala la sipika likatulukira kunja, waya umene wakhudza plus wa batire ndiye plus. Amene mumafuna kupotera masipika awiri pa waya umodzi, dziwani kuti awiri a 8 ohm (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi) amasanduka 4 ohm, choncho werengani kaye kumbuyo kwa ampu ngati imalola.