Ndithandizeni nzeru: makasitomala achuluka koma phindu silikuoneka

Moni nonse pagulu pano. A admin, ndibiseni dzina chonde.

Ndili ndi kakampani kochapa ndi kusita zovala ku Chilomoni. Kale kasitomala ankabwera yekha ndi mtolo wake. Chaka chatha tidasintha kagwiridwe ka ntchito. Munthu amangotilembera pa WhatsApp, wakabaza amakatenga zovala pakhomo kapena kuofesi, tikamaliza amakazisiya komweko, ndalama n'kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Kutenga ndi kubweza ndidati n'kwaulere kuti ndikope anthu.

Anthu adakopekadi. Pano tikuchapira a ku Namiwawa, Nyambadwe, ngakhale malo ena ogona alendo ku Limbe amatipatsa mabulangete. Makina sapuma. Koma mwezi ukatha, ndikalipira antchito, lendi, madzi ndi magetsi, chotsala n'chimodzimodzi ndi kale, mwezi wina kucheperako kumene. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo ndi mankhwala ochotsera madontho zimangokwera, ndipo mafuta akasowa wakabaza amakweza mtengo tsiku lomwelo. Ndiye tangoganizani, wina amatiitanira ku Bangwe malaya awiri okha!

Ndiyambe kulipiritsa ya thiransipoti, kapena ndikweze mtengo wochapira kwa aliyense? Ndikuopa kuthawitsa anthu.

Ndemanga

Mayi, chatsopanocho si cholakwika, koma simukudziwa chikukudyerani zingati. Gulani kope lapadera, muzilembamo ndalama zomwe kasitomala aliyense walipira ndi zomwe kabaza wake wadya. Mudzapeza kuti a mabulangete aja ndiwo akulipirira a malaya awiri.

Musakweze kwa aliyense. Wobwera yekha wapansi walakwanji? Ikani malire, zovala zikakwana mtengo wakutiwakuti kubweretsa n'kwaulere, zikachepa alipire yekha. Komanso gawani masiku, Lolemba mbali ya Limbe ndi Bangwe, Lachiwiri m'tauni, kuti ulendo umodzi uzinyamula mitolo ingapo.

Ine monga kasitomala, ndalama ya kabaza ndingalipire bwinobwino, bola zovala zifike tsiku lomwe munalonjeza, osati nyimbo ya mawa mawa.

Ndalama za pafonizo musamangotulutsa kwa ejenti pang'onopang'ono, zimathera m'kudulidwa. Magetsi ndi madzi lipirani zili pafoni pomwepo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Zogawa masikuzo zandigwira mtima. Koma nanga a malo ogona alendo, omwe amafuna mashiti awo tsiku lomwelo, ndiwaike pa mtengo wawowawo?