Moringa kupangira ma nanoparticle, ndi zoona izi?

MaiWakuKapata:
Anzanga thandizeni. Mwana wanga wa ku koleji wabwera pa holide wathyola moringa yense kuseri kwa nyumba, ati ndi wa project, akufuna kupanga ma nanoparticle a zinc oxide. Ine moringa ndimamudziwa wa m'phala chabe. Masamba angasanduke bwanji zinthu za magetsi, kapena wangondithera mtengo?

TichaWaSayansi_Katete:
Amai, mwanayo sakunama ayi, koma si masamba amene amasanduka. Zinc amagula, ndi mchere wotchedwa zinc nitrate kapena zinc acetate. Masambawo amawiritsa m'madzi oyera, kusefa, madzi obiriwira aja nkusakaniza ndi mcherewo pa moto mpaka kulimba ngati phala, ndiye kuwotcha mu uvuni wa ku labu pa madigiri 400 kapena kuposa mpaka patsale ufa woyera. Ntchito ya masamba ndi kugwira tinthu ting'onoting'ono ta zinc oxide, ma nanoparticle aja, kuti tisamamatirane nkukula, m'malo mwa mankhwala ena aukali amene amaononga madzi akatayidwa. Tinthuto sitipitirira ma nanometre 100, pomwe tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanometre pafupifupi 80,000. Zinc oxide ndi semiconductor (chinthu chodutsitsa magetsi pang'ono, chimene amachigwiritsa ntchito mu zipangizo za magetsi), komanso amameza kuwala kwa UV kochokera ku dzuwa, nchifukwa chake ali m'mafuta otchinga dzuwa, ngakhale mu calamine uja timapaka ana akadwala katsabola alimo.

Mlamu_Mchini:
Aticha mwaiwala kumuuza kuti ufa woyera si umboni. Ife tinapangapo ndi nimu, malaiti anazima uvuni uli pakati, chinatuluka chotuwa ngati phulusa la mbaula kkkk. Popanda XRD (makina oyeza ufawo ndi X-ray) kapena microscope ya ma electron sungadziwe ngati ndi nano, ndipo masamba a dzinja ndi a mu Okutobala sapereka zofanana, apa ndiye pomwe njirayi imavutira maningi.

TichaWaSayansi_Katete:
Zoona alamu. Koma bola zinc kusiyana ndi cadmium. Ma quantum dot (mtundu wina wa ma nanoparticle) amene anapatsa Bawendi, Brus ndi Ekimov mphoto ya Nobel mu 2023, otchuka kwambiri anali a cadmium, poizoni weniweni, ndipo ife a Zambia za zitsulo zapoizoni tikuzidziwa, mgodi wa Kabwe unatsekedwa 1994 koma lead (mtovu) akadali m'dothi.

MaiWakuKapata:
Zikomo aticha. Ndamuuza asayese kuwiritsira m'poto wanga wa nsima, ndipo ulendo wina akathyole nimu wa kumsewu.