Za ulendo wa kwa apongozi ku Lichinga uja

Abale, paja ndinafunsa ngati ine Mmalawi ndikufunika viza popita kwawo kwa akazi anga ku Mozambique, ndabwerako ndiye ndati ndikuuzeni. Viza sikufunika ayi, pasipoti yathuyi ikukwana bola isakhale yoti yatsala pang'ono kutha. Tinanyamuka pa Mangochi boma kudzera ku Namwera mpaka pa boda ya Chiponde, atadinda tinakwera kabaza kukafika mbali ya Mandimba komwe anadindanso.

Koma nkhani ili pa masiku. Ukwati sukupatsa ufulu wokhala mmene ungafunire, umalowa ngati mlendo basi, ndiye akadinda muwerenge masiku omwe akulemberaniwo musanachoke pa windo chifukwa mukapitiriza mulipira chindapusa potuluka ndipo zoti mkazi wanga ndi wakonkuno sizikuthandizani. Mwana wathu naye anafuna pasipoti yakeyake, tinatenganso setifiketi yake yobadwira ndi ya ukwati, anaziyang'ana ndithu. Border pass, kachikalata kodutsira pa boda popanda pasipoti kaja, ndi ya omwe akungofika pafupi ndi malire, ku Lichinga musayerekeze nayo.

Mafomu ndi achipwitikizi koma Chiyao chinatithandiza kwambiri. Ma metikali, ndalama za ku Mozambique, sinthirenitu pa boda pomwepo.