Za ulendo wa mayi aang'ono wokayezetsa mapapo

Malume, Dedza: Moni nonse apabanja. Mlongo wanga, mayi anu aang'ono, aitanidwanso ku Queens Lachinayi la sabata yamawa kuti akayezedwe mapapo, ndiye tigwirizane za mayendedwe ndi za owaperekeza. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti masiku ano popita ku mjigo amaima panjira kuti apume, pamene chaka chatha ankafika ndi ndowa pamutu osaima. Maganizo anga ndi akuti tiwaletse kuyendayenda, azingokhala pakhonde mpaka adokotala atawaona.

Mdzukulu namwino, Leeds: Zikomo malume potidziwitsa, koma ndikupempha kuti tisafulumire kuwakhazika pansi. Matenda awowa a systemic sclerosis, amene ena amati scleroderma, saumitsa khungu la zala ndi la nkhope lokha ayi. Amathanso kusiya zipsera m'kati mwa mapapo, ndipo mapapo akauma choncho satambasuka bwino, mpweya wabwino umalowa m'magazi movutikira, n'chifukwa chake amamva befu ndi kutsokomola kopanda makhololo. Koma munthu akangokhala osayenda, minofu ya miyendo imafooka, ndipo kamtunda komwe ankakatha kamayamba kumutopetsa kwambiri. Ndowa yamadzi asiyedi, koma kuyenda pang'onopang'ono pamalo athyathyathya tsiku lililonse kupitirire, pokhapokha adokotala atanena zina.

Mlamu, Chilomoni: Kwathu kuno malo ogona alipo, ndipo ine ndidzawaperekeza ndekha. Tandiuzani achemwali, kodi kuyezako kumachitika bwanji, kuti ndidzawakonzekeretse?

Mdzukulu namwino, Leeds: Papepala limene malume ananditumizira pali zinthu zitatu, alamu. Choyamba ndi spirometry: amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, kenako n'kuuzira wonse mwamphamvu m'kachipangizo, ndipo nambala yotchedwa FVC imasonyeza kuchuluka kwa mpweya umene atulutsa. Milomo yawo yauma ndi matendawa, choncho mudzawauze oyezawo ngati akulephera kugwira bwino kachipangizoko pakamwa. Chachiwiri ndi kuyenda kwa mphindi 6 pakhonde la mamita pafupifupi 30, kupita ndi kubwerera, pa liwiro lawo, ndipo amaloledwa kuima akatopa. Oyeza amalemba mtunda umene ayenda, kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi. Chachitatu ndi kuunika mtima, chifukwa matendawa amatha kupanikiza mitsempha ya magazi ya m'mapapo, mtima n'kumalemedwa. Chofunika kwambiri si nambala ya tsiku limodzi koma kuiyerekeza ndi ya ulendo watha, ndiye kabuku ka kuchipatala ndi mapepala onse akale zisatsale.

Mwana wamkulu wa mayi aang'ono, Dedza: Kabukuko ndasunga bwino. Ndionjezere kuti kuno kwazizira kwambiri mwezi uno wa Juni, ndipo m'mawa zala za mayi zimayera mbuu, kenako n'kuda, moti sangathe kumanga mabatani a juzi. Kachipangizo koika pachala koyezera mpweya wa m'magazi kamene tinagula kamaonetsa manambala otsika mochititsa mantha pa nthawi imeneyo. Usiku amadandaulanso chilungulira.

Mdzukulu namwino, Leeds: Zala zikazizira magazi sayenda bwino, ndipo kachipangizoko kamanama, choncho uziyamba wawafunditsa manja mpaka afunde usanayeze. Za chilunguliracho usazitenge mopepuka, mng'ono wanga, chifukwa zam'mimba zikamabwerera kukhosi usiku zimatha kulowa m'mapapo. Ikani njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu, asamagone atangodya kumene, ndipo mukawauze adokotala. Tikufunikanso makina oyezera BP pakhomo, popeza matendawa amatha kugwira impso mwadzidzidzi ndipo chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala BP yokwera.

Achimwene, Johannesburg: Ine nkhawa yanga ndi utsi wa nkhuni m'khitchini muja, chifukwa ndinaona pa Khirisimasi mayi akuuzira moto maso ali ofiira, chifuwa chosalekeza. Ndigula sitovu ya gasi ndipo kudzazitsa gasiyo kukhale kwa ine. Ndalama ya galimoto nditumiza pa Mukuru mawa, kuti asakwere minibasi yodzaza pa ulendo wautali chotere.

Malume, Dedza: Ndamva, ana anga, ndipo za kuwakhazika pakhondezo ndazisiya. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ndiziyenda nawo ndekha kuchokera pakhomo kukafika pa mtengo wa mango wa kumsewu, ndipo akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa tiziima pomwepo. Anyamuke Lachitatu m'mawa kuti akagone ku Chilomoni ndi kukayezedwa atapumula, atavala nsapato zomasuka ndi magolovesi. Makina a BP tisonkherane tonse, ndipo aliyense atumize gawo lake kwa mlamu pa Airtel Money pofika Lamlungu.

Mlamu, Chilomoni: Zamveka malume. Ndidzajambula zotsatira zonse ndi kuziika pagulu pano tikangotuluka kwa adokotala, ndipo ndidzafunsanso tsiku la kuyeza kotsatira kuti tikonzekere nthawi ikadalipo.