Kodi mbiri ya kukhazikika kwa anthu m'boma la Mangochi tiyiyambire pati?

Mphunzitsi wa kwa Chimwala:

Akuluakulu ndi abale nonse, ndine mphunzitsi wa sukulu ya sekondale yoyendera m'dera la Mfumu Yaikulu Chimwala, ndipo ine ndi anzanga tagwirizana zolemba kabuku ka mbiri ya boma lathu kuti ophunzira azikhala ndi powerenga za kwawo. Titayamba kusonkhanitsa zolembedwa, taona kuti zambiri zimayambira mu 1891, chaka chimene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda a ku Britain, anamanga linga lotchedwa Fort Johnston, lomwe ndi chiyambi cha tauni ya Mangochi, ngati kuti nthawi imeneyo isanafike kuno kunali thengo lopanda mwini. Mnzanga wina akuti nafenso tiyambire pomwepo chifukwa ndi pamene zaka zake zili zotsimikizika, koma ine mtima wanga sukuvomera. Ndikupempha amene mukudziwa kuti mutithandize: anayamba kukhazikika kumwera kwa nyanja kuno ndi m'mbali mwa Shire ndani, ankakhala moyo wotani, ndipo n'chifukwa chiyani azungu anasankha malo ano kukhala boma?

Wopuma pa ntchito wa ku Nkope:

Aphunzitsi, mtima wanu ukulondola, ndipo mnzanuyo mumuuze kuti zaka zotsimikizika sizipezeka m'mabuku a atsamunda mokha, popeza zina zimatuluka m'nthaka. Kuno ku Nkope akatswiri ofukula zakale anakumba m'zaka za m'ma 1960 napeza mapale a mbiya, zitsulo ndi mafupa a nsomba ndi nyama, zimene zinasonyeza kuti anthu odziwa kusula chitsulo ndi kuumba mbiya anali atakhazikika m'mphepete mwa nyanja ino zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mtundu wa mbiya umenewo unapatsidwa dzina la Nkope, ndipo akaupeza kwina kulikonse, ngakhale ku Zambia kapena ku Mozambique, amautchula ndi dzina lomwelo la mudzi wathu. Mitundu ina iwiri ya mbiya za m'nthawi zotsatira imadziwika ndi mayina a Mawudzu ndi Nkhudzi, omwenso ndi malo a m'boma lomwe lino. Ine ndimaona kuti n'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Mangochi amalize sukulu akudziwa dzina la Johnston koma asakudziwa kuti mayina a midzi ya kwawo ndi amene akatswiri amagwiritsa ntchito pogawa nyengo za mbiri yakale ya dziko la Malawi.

Osula zitsulo amenewa nawonso anapeza alenje ndi otola zipatso amene makolo athu amawakumbukira ndi dzina loti Akafula. Pambuyo pake kunabwera anthu a ufumu wa Maravi, omwe likulu la Kalonga wawo linali ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, ulendo waufupi kuchokera kwa Nankumba. Amene anakhazikika m'mbali mwa nyanja ndi amene anadzatchedwa Anyanja. Moyo wawo unkatsamira pa madzi ndi pa munda pamodzi: amuna ankasema mabwato a mtengo umodzi, kuluka makoka ndi kutchera miono, pamene amayi ankalima mapira ndi mawere, kuumba mbiya ndi kuyanika nsomba zosinthanitsa ndi anthu a kumtunda. Mudzi unkamangidwa pa mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana awo pansi pa mwinimbumba, ndipo mwamuna akakwatira ankapita chikamwini kwa mkazi. Dongosolo limeneli ndi limene linkasankha kuti munda ndi wa yani ndipo ufumu ulowe ndani, choncho m'kabuku kanu lisakhale mawu a mzere umodzi okha.

Ayao anafika m'katikati mwa zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique, atavutitsidwa ndi nkhondo komanso njala. Ena analandiridwa mwamtendere napatsidwa malo, koma pasanapite nthawi yaitali mafumu awo, amene anali ndi mfuti ndi nsalu zochokera ku malonda a kugombe, anakula mphamvu kuposa eni nthaka. David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi koyamba mu September 1859 kudzera mu Shire, atabweranso mu 1866 anapeza Mponda, mmodzi wa mafumu a Ayao, ali kale mfumu ya mudzi waukulu pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja.

Mwana wa kwa Jalasi, ku Namwera:

Bambo a ku Nkope afotokoza bwino, ndipo ndikuwathokoza, koma ndikufuna kuwonjezera pa nkhani ya Ayao, chifukwa m'mabuku ambiri a sukulu makolo athu amatchulidwa pa mutu umodzi wokha wa malonda a akapolo, kenaka nkhani yawo imathera pomwepo. Sindikukana kuti malondawo analipo. Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankatumiza minyanga ya njovu ndi anthu ku gombe la nyanja ya mchere, makamaka ku Kilwa, ndipo midzi yambiri ya Anyanja inapasuka, anthu ena nathawira kuzilumba ndi m'mapiri. Zimenezi zilembedwe mosabisa, aphunzitsi, popeza m'kalasi mwanu muli zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa zitakhala pa desiki imodzi, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri, chifukwa akazi ochuluka ogwidwa sankagulitsidwa koma ankakwatiwa m'midzi ya mafumu n'kubereka ana momwemo.

Komabe anthu omwewo ndi amene anamanga midzi ikuluikulu m'dera lino. Kwa Makanjira, kum'mawa kwa nyanja, kunali amisiri okhoma zombo zoyenda ndi matanga zimene zinkaoloka nyanja, kunali nyumba zamakona anayi zotengera mamangidwe a kugombe, ndipo kunali alembi odziwa zilembo za Chiarabu amene ankalembera mfumu makalata. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena anatsatira, n'chifukwa chake lero boma lathu lili ndi mizikiti m'mudzi uliwonse waukulu. Ophunzira adziwenso kuti Ayao sanabwere ngati gulu limodzi: Mponda anali wa Amachinga, Makanjira wa Amasaninga, ndipo Amangochi, amene ankakhala cha kuphiri la Mangochi, anakankhidwira kumwera mpaka kumapiri a Blantyre ndi Chiradzulu. Mafumuwa ankapikisana, nthawi zina kumenyana okhaokha, ndipo mpata umenewu ndi umene Johnston analowerapo.

Nkhondo yake siinali ya tsiku limodzi. Johnston anabwera ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, nagonjetsa Mponda mu 1891, koma mu December chaka chomwecho Maguire anaphedwa pamene ankafuna kuwononga zombo za Makanjira, ndipo linga la Fort Maguire, limene linamangidwa m'dera la Makanjira pambuyo pake, linatenga dzina lake. Mu 1892 Jalasi anathamangitsa gulu la asilikali a boma limene linakwera phiri kudzamuthira nkhondo, nawalanda mfuti yaikulu, ndipo anakhala osagonja mpaka 1895. Atamugonjetsa, azungu anamanga linga la Fort Mangochi paphiri pomwepo, ndipo makoma ake amiyala alipobe mpaka lero kwa amene angapirire kukwera. Ndikukupemphani kuti mudzabwere ndi ana anu kudzaona malowa, chifukwa munthu akaima pamenepo n'kuyang'ana njira yolowera ku Mozambique amamvetsa yekha chimene mbali zonse ziwiri zinkalimbirana.

Mayi wa ku Chembe:

Pepani akuluakulu, ndilowererepo mwachidule pa za amishoni, chifukwa iwo anafika boma lisanabwere. Gulu la mishoni ya Livingstonia, lotsogozedwa ndi Edward Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, linalowa m'nyanja ndi sitima ya Ilala mu October 1875 n'kukhazikika kuno ku Cape Maclear, atapempha chilolezo kwa Mponda. Malowo anawakonda chifukwa cha doko labwino, koma malungo anawasautsa kwambiri, ndipo manda a anzawo amene anamwalira, kuphatikizapo Dr William Black, alipo mpaka pano m'munsi mwa phiri. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, yemwe anatsala akuyang'anira malowo. Ansembe a Katolika a White Fathers nawonso anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 koma anachoka. Amene anakhazikika ndi a Anglican, kwa Mponda ndi ku Malindi. Pempho langa, aphunzitsi, ndi lakuti polemba za azungu amenewa musaiwale anthu amene anasenza zidutswa za Ilala pamutu kulambalala mathithi a Shire, amene ankadula nkhuni zoyendetsera sitimayo, ndi amayi amene ankagulitsa ufa ndi nkhuku ku mishoni, chifukwa popanda iwo alendowo sakanatha ngakhale dzinja limodzi.

Mphunzitsi wa kwa Chimwala:

Zikomo kwambiri bambo a ku Nkope, achimwene a ku Namwera ndi mayi a ku Chembe. Tsopano zaoneka kuti Fort Johnston idzakhala mutu wa pakati pa kabukuka. Chatsala ndi gawo lomaliza la funso langa, la malo a boma ndi moyo wa m'tauni m'zaka zake zoyambirira. Ngati alipo wodziwa za sitima ndi malonda a nthawi imeneyo, atithandize.

Mkulu wa ku Monkey Bay:

Aphunzitsi, yankho la funso limenelo lili pa mtsinje. M'zaka za m'ma 1890 kunalibe njanji kapena msewu wa galimoto, choncho katundu yense wopita kumpoto kwa Nyasaland, ngakhale wopita ku Tanganyika ndi kumpoto kwa Zambia ya lero, ankachokera ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, kusenzedwa ndi amtengatenga polambalala mathithi, kenaka kukwezedwanso m'sitima ku Matope kudutsa nyanja ya Malombe mpaka kuno. Aliyense wolamulira pamene Shire amatulukira m'nyanja ankalamulira njira yonseyo, ndiponso pamalo omwewo ndi pamene apaulendo a malonda ochokera kumadzulo ankaolokera popita kugombe. Mponda anakhala pamenepo pa chifukwa chimenechi, ndipo Johnston anamanga linga lake loyamba tsidya la kum'mawa kwa mtsinje moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda pa chifukwa chomwecho. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, boma linasamutsidwira tsidya la kumadzulo, pamene pali tauni lero, ndipo linakhala likulu la chigawo chimene pa nthawiyo chinkatchedwa South Nyasa.

Tauni yoyambayo inali ya madoko ndi amisiri. Kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inali ndi sitolo ndi sitima zake, amwenye anatsegula magolosale ogulitsa nsalu, mchere ndi mikanda, ndipo sitima zinkabwera zili zidutswazidutswa n'kulumikizidwa m'mbali mwa mtsinje momwemu. Sitima ya nkhondo ya Gwendolen inalowa m'madzi mu 1899, ndipo Chauncy Maples ya mishoni ya Anglican, imene inapangidwa ku Glasgow, inalumikizidwa kwa Mponda n'kuyamba kuyandama mu 1901. Kumeneku ndi kumene anyamata ambiri a kuno anaphunzirira ntchito za ukalipentala, kusula ndi kuyendetsa injini, luso limene pambuyo pake linasamukira kuno ku Monkey Bay. Gwendolen yomweyo ndi imene mu August 1914, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhafen, kumene lero kumatchedwa Liuli ku Tanzania. Mfuti ya Gwendolen ili pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa mu 1903, pamene palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anafa sitima ya Viphya itamira mu 1946.

Kwa munthu wamba wa kumudzi, komabe, chimene chinasintha moyo kwambiri si nsanja kapena sitima, koma msonkho wa nyumba. Boma linkafuna mashilingi atatu pa nyumba iliyonse, ndipo popeza ndalama sizinkapezeka m'midzi, amuna anayamba kulowa umtengatenga, kudula nkhuni za sitima, kunyamula azungu pa machila, kapena kulembedwa usilikali, ntchito imene Ayao ambiri anailowa patangopita zaka zochepa chigonjetsedwere mafumu awo. Ena anapita kutali kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, n'kusiya minda m'manja mwa amayi. Ulendo wa ku Joni umene achinyamata athu akuyenda lero unayambira m'nyengo imeneyo, ndipo ndikuganiza kuti ophunzira anu adzamva msanga mutu umenewu kuposa wina uliwonse.

Kutsika kwa tauniyo kunabweranso ndi mtsinje womwewo. Madzi a m'nyanja atachepa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sitima zinayamba kulephera kudutsa Malombe, ndipo kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 Shire anali atatsekeka ndi mchenga ndi zomera moti sankatulutsa madzi m'nyanja monga kale. Njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, katundu wa kumpoto anayamba kudzera kumeneko, ndipo Fort Johnston inatsala ngati boma la DC, msika wa nsomba ndi malo oolokera mtsinje. Dzina la Mangochi linaperekedwa ku tauniyi dziko litalandira ufulu. Mukafuna zithunzi ndi zipangizo za nthawi ya sitima zoti ana aone ndi maso, pitani nawo ku Lake Malawi Museum pa boma pomwepo, ndipo tsiku lomwelo mukhoza kupitiriza ulendo mpaka kwa Mponda kukacheza ndi akuluakulu a kumeneko, mutadzera kwa mfumu monga mwa mwambo.