Kodi ndalama za Stu Ungar zinapita kuti?

Wofunsa:

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya anthu amene ntchito yawo inali kusewera poker (masewera a makadi obetcherana ndalama), ndipo nkhani ya Stu Ungar wa ku New York yandisiya ndi funso. Munthuyu anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas mu 1980, mu 1981 komanso mu 1997, koma mu Novembala 1998 anapezeka atamwalira m'chipinda cha motelo yotsika mtengo, ali ndi zaka 45, atangotsala ndi madola pafupifupi 800. Ngati poker ndi masewera a luso monga ena amanenera, zinatheka bwanji kuti katswiri wotere amwalire wopanda kanthu? Kapena tingoti poker ndi juga ngati ina iliyonse?

Mlondamakadi:

Zikomo a Wofunsa. Ndalama zambiri za Ungar sizinathere pa tebulo la poker. Iye anakulira mu juga, chifukwa bambo ake ankalandira ndalama za anthu obetcha komanso ankakongoza katapila ku Manhattan, ndipo atamwalira mu 1967 mnyamatayu anasiya sukulu n'kuyamba kudya za makadi. Masewera amene anatchuka nawo poyamba anali gin rummy, ndipo ankawadziwa kwambiri moti atasamukira ku Las Vegas anthu anayamba kukana kusewera naye chifukwa chotopa ndi kuluza. Kusowa kwa omupikisana nawoko n'kumene kunamukankhira ku poker, ndipo mu 1980 anagonjetsa Doyle Brunson, amene anali atapambana kale mpikisanowu kawiri.

Pa poker munthu amalimbana ndi anthu anzake, kasino n'kungotapako kagawo kake, choncho amene amawerenga makadi ndi nkhope za anzake kuposa ena amapeza phindu akasewera nthawi yaitali. Kubetcha pa mahatchi kapena pa zotsatira za masewera n'kosiyana, pakuti mitengo yake imaikidwa mokomera wolandira ndalamayo, ndipo luso lokumbukira makadi silithandiza kanthu kumeneko. Ungar ankatenga zimene wapata pa makadi n'kukazitaya kumeneko, nthawi zina m'masiku owerengeka.

Nyenyezi ya M'mawa:

Ndikugwirizana nanu a Mlondamakadi, koma musaiwale mankhwala osokoneza bongo a cocaine, amene anadya ndalama zake pamodzi ndi thupi lake. Mu 1990 Ungar anali ndi tchipisi (tizidutswa tozungulira toimira ndalama pa tebulo) tambiri pa mpikisano waukuluwo, koma anapezeka atakomoka m'chipinda chake cha hotelo chifukwa cha mankhwalawo ndipo sanabwererenso pa tebulo. Tchipisi take tinkangochotsedwa pang'onopang'ono mpando uli wopanda munthu, komabe anathera pa nambala 9, zimene zikusonyeza mmene analili patsogolo. Pofika 1997 analibe ngakhale madola 10,000 olowera mpikisano, ndipo amene anamulipirira anali mnzake Billy Baxter. Magalasi ozungulira abuluu amene amaoneka nawo pa zithunzi za chaka chimenecho ankamuthandiza kubisa mphuno imene mankhwala anali ataiwononga.

Mphoto ya chaka chimenecho inali madola 1 miliyoni, koma theka linapita kwa Baxter malinga ndi mgwirizano wawo. Anthu ambiri saganizira mfundo imeneyi akamawerenga za mphoto zikuluzikulu. Wosewera amene amapatsidwa mpamba ndi munthu wina amagawana naye phindu, ndipo pa zotsalazo pamachoka msonkho, ngongole zakale ndi ndalama zolowera mipikisano yambiri imene saphulamo kanthu. Gawo la Ungar linatha m'miyezi yochepa, ndipo mu 1998 sanathe n'komwe kukateteza ukatswiri wake.

Wakale Pano:

Ndiloleni ndiwonjezere pa mbali ya mwayi, chifukwa a Wofunsa sanalakwitse kwenikweni poitchula juga. Mu 1980 amene analowa mpikisano waukuluwo anali 73 okha, mu 1997 anali 312, pamene mu 2023 anapitirira 10,000. Pakati pa anthu ochuluka chonchi, ngakhale katswiri weniweni akhoza kutha zaka zambiri osafika pa tebulo lomaliza, ndipo n'chifukwa chake osewera amene amakhalitsa pa ntchitoyi amasunga thumba la masewera padera ndi ndalama zapakhomo, osalola kuti gawo lalikulu lilowe m'masewera amodzi. Ungar sankachita zimenezi ngakhale pang'ono. Luso lake palibe amene amalitsutsa, pakuti kupatula iye ndi Johnny Moss yekha amene anatenga ukatswiriwu katatu, ndipo ulendo woyamba wa Moss mu 1970 anachita kumusankha anzake pa voti.