Dzina lakuti Hadasa: tanthauzo lake ndi kumene linachokera

Mayi wa ku Dedza:
Mwana wanga wamkazi wangotuluka kumene m'chikuta, ndipo apongozi anga amutcha Hadasa. Iwo akuti ndi dzina la m'Baibulo, koma ambiri obwera kudzaona mwana akulimva lachilendo, ena akungoti Adasa. Ndikupempha odziwa andifotokozere tanthauzo ndi mbiri yake, kuti akadzakula ndidzakhale ndi chomuuza.

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, apongozi anuwo sananame. Dzinali ndi la Chiheberi ndipo limachokera ku mawu akuti hadas, kamtengo ka mchisu, ka maluwa oyera ndi masamba obiriwira chaka chonse, amene amanunkhira mukawafikisa m'manja. M'Baibulo lonse limapezeka kamodzi kokha, pa Estere 2:7, pofotokoza za mtsikana wamasiye amene analeredwa ndi Moredekai mumzinda wa Susani. Mtsikanayo ndi Estere yemwe uja, amene anadzakhala mkazi wa mfumu Ahaswero, imene akatswiri ambiri amati ndi Xerxes woyamba, wolamulira Perisiya kuyambira 486 mpaka 465 BC. Hadasa linali dzina la kwawo, pamene Estere linali la kuchilendo, monga Danieli anatchedwa Belitesazara ku Babulo.

Mkulu wa mpingo:
Aphunzitsi alongosola bwino. Pa dzina la Estere ndi pamene akatswiri sagwirizana: ena amati ndi mawu a Chiperisiya otanthauza nyenyezi, ena amati limachokera kwa mulungu wamkazi wa ku Babulo, Ishtar. Aphunzitsi akale a Chiyuda analigwirizanitsa ndi mawu a Chiheberi otanthauza kubisa, poti pa Estere 2:10 mtsikanayu sanaulule mtundu wake. Ine ndikuona kuti apongoziwo anasankha lomveka bwino tanthauzo. Mchisuwo Ayuda amaulemekezabe, chifukwa pa chikondwerero cha Misasa amanyamula nthambi zake zitatu pamodzi ndi nsomo ya kanjedza popemphera.

Namwino wa ku Zomba:
Dzinali silinathere m'Baibulo. M'chaka cha 1912, ku New York, Henrietta Szold ndi amayi anzake a Chiyuda anayambitsa bungwe lotchedwa Hadassah, m'nyengo ya Purimu, pamene Ayuda amakumbukira Estere. Zipatala ziwiri zazikulu za ku Yerusalemu, cha pa Mount Scopus ndi cha ku Ein Kerem, zimadziwika ndi dzina lomweli.

Mayi wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri nonse. Lachinayi ndikupita naye kusikelo, ndipo ndikaonetsetsa kuti m'buku mwake alembe ndi H kumayambiriro.